Banja la anthu akuda likagwedezeka pa kanema: mkangano wa filimu ya Tyler Perry

Mu Okutobala 2007 ku America kunatuluka filimu ya Tyler Perry, munthu wakuda wolemba ndi kupanga mafilimu, yotchedwa Why Did I Get Married?, funso loti "ndinakwatiranji" lomwe aliyense wokhalitsa pabanja anadzifunsapo tsiku lina. Nkhani yake njosavuta. Mabanja anayi, anthu omwe anadziwana kalekale ali ku koleji, amapita kutchuthi limodzi chaka ndi chaka kuti akaunike mmene maukwati awo akuyendera. Ulendo uno apita kumapiri a ku Colorado nthawi yozizira, ndipo zinsinsi zonse zikuphulikira patebulo la chakudya chamadzulo. Onse asanu ndi atatu ndi anthu akuda. Pafupifupi onse ali ndi ntchito zabwino. Afika pa msinkhu uja woti ndalama ilipo, dzina lilipo, koma kuchipinda kwazizira.

Filimuyi inapangidwa ndi ndalama pafupifupi $15 miliyoni. Pa masiku atatu oyamba inapeza zoposa $21 miliyoni n'kukhala pamwamba pa mafilimu onse a sabata imeneyo, ndipo pomaliza inadutsa $55 miliyoni. Koma mpaka lero anthu akuda a ku America sagwirizana ngati filimu zotere zimawalemekeza kapena zimawachotsa ulemu. Kwa ife omwe timangoonera tili kutali n'kumaseka Angela, mmodzi wa amayi a mufilimuyi, akamalalatira mwamuna wake, mkanganowu umaoneka wokokomeza. Kuti umveke, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Pa nthawi ya ukapolo, ukwati wa akapolo sunkadziwika ndi lamulo. Mwamuna ndi mkazi ankatha kulumbirirana, ena podumpha tsache pamaso pa anzawo, koma mwini wawo akafuna ndalama ankagulitsa mwamuna kwina, mkazi kwina, ana kwina. Ukapolo unatha mu 1865. Patatha zaka 100, mu 1965, mkulu wina wa mu unduna wa zantchito, Daniel Patrick Moynihan, analemba lipoti lonena kuti banja la anthu akuda likuphwasuka: abambo kulibe, amayi ndiwo akulamula m'nyumba, ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse akubadwa makolo ake asali pabanja. Moynihan anatchulamo ukapolo ndi ulova ngati magwero a vutoli, koma chomwe chinatsalira m'mitu ya anthu ambiri ndi chithunzi chakuti munthu wakuda banja salitha. Andale anachigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri.

Hollywood nayo inali ndi zithunzi zake. Mayi wakuda ankaoneka ali wantchito wonenepa wolera ana a mzungu, ngati kuti iye kwawo alibe mwamuna kapena ana. Hattie McDaniel, munthu wakuda woyamba kulandira mphoto ya Oscar mu 1940, anailandira chifukwa chosewera wantchito wotere mu Gone with the Wind, ndipo pamwambowo anamukhazika patebulo lapadera, kutali ndi azungu omwe anasewera nawo. Ngati sanali wantchito, mayi wakuda ankakhala wolongolola, wapakamwa pakuthwa, wonyoza mwamuna wake. Bambo wakuda ankakhala waulesi woseketsa anthu, kenaka m'zaka za pambuyo pake chigawenga, wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, kapena sankaoneka n'komwe.

Pomwepo, filimu ya banja lomwe likutha inali mtundu wolemekezeka kwambiri, bola banjalo likhale la azungu. Kramer vs. Kramer ya mu 1979, ya mwamuna ndi mkazi olimbirana mwana, inapambana Oscar ya filimu yabwino koposa. Marriage Story ya Noah Baumbach mu 2019 inasankhidwa kupikisana pa mphoto zisanu ndi imodzi. Palibe amene amati awa ndi "mafilimu a azungu". Amati ndi mafilimu a ukwati, a munthu aliyense. Koma mu 2013, The Best Man Holiday ya Malcolm D. Lee, nkhani ya abwenzi akuda a zaka za m'ma 40 omwe akumananso pa Khirisimasi ndi mavuto awo a m'banja ndi matenda, itapeza $30 miliyoni pa masiku atatu, nyuzipepala ya USA Today inalemba mutu woiika m'gulu la mafilimu okamba za mtundu wa anthu. Anthu anakwiya mpaka mutuwo unasinthidwa. Filimuyo sinkakamba za tsankho. Chomwe chinaipangitsa kukhala "ya mtundu" ndi khungu la osewera basi.

Apa ndiye pagona nkhani. Anthu akamati tikufuna kuoneka pa kanema, ambiri amaganiza kuti nkhani ndi kuwerenga nkhope: akuda angati, akazi angati, a ku Asia angati. Koma funso lovuta ndi lakuti, ndani amaloledwa kukhala ndi mavuto wamba? Ndani amaloledwa kulira chifukwa mwamuna wake sakumuyang'ananso, osati chifukwa wapolisi wamuwombera mwana? Filimu ya banja lotopa ndi yabwino poyesera zimenezi chifukwa mulibe mfuti, mulibe nkhondo. Muli anthu awiri ndi zomwe akhala akubisirana.

Taonani anthu omwe Perry anawaika m'nyumba ija ya kumapiri. Patricia, yemwe anaseweredwa ndi Janet Jackson, ndi katswiri wa za maganizo, wolemba buku lotchuka lolangiza mabanja. Mwamuna wake Gavin amalemba mapulani a nyumba. Kunja amaoneka banja lachitsanzo, koma mwana wawo anamwalira pa ngozi ya galimoto yomwe Patricia ankayendetsa, ndipo nkhaniyi saikamba. Terry, yemwe ndi Perry mwiniwake, ndi dokotala wa ana, pamene mkazi wake Dianne ndi loya amene foni ndi kompyuta sizichoka m'manja. Terry akufuna mwana wachiwiri, osadziwa kuti mkazi wake anatseketsa mwakachetechete. Iyenso ali ndi chake: anakayezetsa DNA ya mwana wawo wamkazi osamuuza mayi wake. Angela ali ndi bizinesi ya zatsitsi, amakonda kumwa, ndipo mwamuna wake Marcus, yemwe kale ankasewera mpira wa ku America, amagwira ntchito kwa mkazi wakeyo n'kumanyozedwa pagulu. Pakati pawo palowa matenda opatsirana pogonana, aliyense akubisa komwe anawatenga. Ndiye pali Sheila ndi Mike.

Dokotala, loya, wolemba mabuku, wabizinesi. Mu 2007 kuona anthu akuda otere atadzaza filimu yonse, popanda mzungu wowatsogolera kapena wowapulumutsa, chinali chinthu chosowa. Pa wailesi yakanema panali The Cosby Show kuyambira 1984 mpaka 1992, ya dokotala ndi loya, koma banja limenelo linali losalala, lopanda banga. Waiting to Exhale ya mu 1995 inasonyeza kale kuti amayi akuda amadzaza holo akapatsidwa nkhani yawo, koma makampani aakulu ankachitabe ngati chimenecho chinali mwayi wa tsiku limodzi. Perry anapereka anthu ophunzira amene akulephera m'banja monga momwe aliyense amalepherera.

Tsankho mufilimuyi limangodutsa kamodzi, ndipo mmene limadutsira ndi mmene limachitikiradi. Amayi aja alowa m'sitolo ya zovala zodula m'tauni ya kumapiriko. Mayi wachizungu wogulitsa, asanawafunse n'komwe chomwe akufuna, akuwauza kuti m'sitolo muno sitisunga ndalama. Angela akumuyankha monga Angela, anzake akumukoka, nkhani ikupitirira. Loya ndi dokotala wa za maganizo aonedwa ngati akuba kwa mphindi imodzi, kenaka abwerera ku mavuto awo a m'nyumba. Kwa ine pamenepa mpomwe Perry analemba mwanzeru koposa.

Za Sheila ndiye zimafuna kukhalitsapo, chifukwa ndi pomwe otamanda ndi odzudzula amakumana. Woimba Jill Scott ndiye anasewera Sheila, atavekedwa zomunenepetsa kuposa mmene alili. Filimu ikungoyamba, Sheila ali mu ndege ndi mwamuna wake Mike komanso mnzake wa Sheila dzina lake Trina. Wokwera wina akudandaula kuti mayiyu wanenepa kwambiri, ogwira ntchito mu ndege akuti atsike. Mike sakumuikira kumbuyo. Akumupatsa ndalama ya mafuta kuti ayendetse galimoto yekha mpaka ku Colorado, iye n'kutsala mu ndege ndi Trina, yemwe kumbali ndi chibwenzi chake. Sheila akutsika anthu akumuyang'ana, akuyenda ulendo wautali nyengo itaipa, akupemphera m'njira kuti Mulungu apulumutse banja lake. Amayi ambiri omwe anaonera anamuzindikira mayi ameneyu. Ndi uja wa kutchalitchi amene anauzidwa kuti banja ndi kupirira, amene amapepesa pomwe walakwiridwa. Hollywood sinkamuika mayi wotere pakati pa nkhani ya chikondi. Malo ake anali oseketsa kapena ophika.

Koma taonani mmene Perry akumupulumutsira. M'njira muja Sheila akumana ndi Troy, mkulu wa apolisi wa m'deralo, munthu wofatsa, wosakwatira. Zinsinsi zitaululika, Sheila akumuphwanyira Mike botolo la vinyo pamutu, akutsala ku Colorado, akupeza ntchito m'sitolo, akuchepa thupi, akukwatiwa ndi Troy. Pamapeto akutulukira pamwambo atawala, Mike akumeza malovu. Holo imaombera m'manja pamenepa, ndipo n'zomveka. Odzudzula amafunsa kuti, kodi mayi wonenepayu sakanapeza mtendere ali wonenepa chomwecho? Kodi sakanaupeza popanda mwamuna wina womudikirira pamsewu? Filimu inamupatsa malo, koma inamupatsa pa mfundo yakuti asinthe kaye maonekedwe.

Dianne nayenso. Mwa amayi anayiwo, iye ndi amene ntchito yake ili patsogolo, ndipo filimu ikumuweruza. Kubisa zoti anatseketsa n'kulakwadi, palibe angakane. Koma chifukwa chomwe mayi angakanire mwana wachiwiri pomwe ntchito yake yafika pachimake sichipatsidwa mpata wokwanira. Iye ndi amene akuyenera kuphunzira, kufewa, kupepesa. Olemba ambiri achikazi akuda aona kuti m'mafilimu a Perry zimenezi zimabwerezeka: mayi wophunzira kwambiri amakhala wouma mtima, ndipo mankhwala ake amakhala mwamuna wodzichepetsa woopa Mulungu. Mu Temptation ya mu 2013, mayi wapabanja amene wachita chibwenzi ndi munthu wolemera akutenga HIV n'kumaliza ali yekhayekha akutsimphina, pamene mwamuna wake wakale ali ndi banja latsopano losangalala. Anthu olimbana ndi kusalana pa nkhani ya Edzi anadandaula kwambiri kuti kachilombo kasandutsidwa chilango cha tchimo. Kuno kwathu, komwe anthu ambirimbiri akumwa ma ARV n'kumalera ana awo bwinobwino, ndipo ambiri anakatengera m'banja momwe osati kunja, dandaulo limenelo silifuna kumasulira.

Palinso nkhani ya khungu pakati pa akuda okhaokha. Mu Diary of a Mad Black Woman ya mu 2005, yomwe Perry analemba, mwamuna wankhanza ndi wakuda bii pamene womupulumutsa mayi ndi woyererapo. Ena amati zinangochitika. Ena amati kwa anthu omwe kuyambira nthawi ya ukapolo woyererapo ankayesedwa wabwinopo, zotere sizingochitika.

Ndiye pali Angela. Tasha Smith anamusewera mwamphamvu moti anthu ambiri akakumbukira filimuyi amakumbukira iye, mpaka Perry anamupangira pulogalamu yakeyake ya pa TV ndi Marcus, For Better or Worse, mu 2011. Angela ndi amene amanena zoona pomwe ena akuchita manyazi, ndi amene akuulula za Mike ndi Trina. Komanso ndi mayi wakuda wolalata uja amene Hollywood yakhala ikugulitsa kuyambira kalekale. Anthu akuda akamuonera okhaokha amaseka chifukwa aliyense ali ndi azakhali otero. Nkhawa imabwera akaganiza kuti mzungu wa ku Iowa amene sanakhalepo ndi mnzake wakuda akuonera zomwezo n'kumati, eya, amatero amenewa.

Nkhawa imeneyi ndi yomwe Spike Lee, wopanga mafilimu wina wakuda, anaitulutsa mu 2009. Pocheza ndi mtolankhani, anayerekeza mapulogalamu oseketsa a anthu akuda a nthawi imeneyo, omwe aliyense anamva kuti akunena a Perry, ndi zisudzo zakale zomwe munthu wakuda ankadzisandutsa chitsiru kuti azungu aseke. Perry zinamupweteka. Anayankha kuti anthu omwe amawalemba ndi anthu enieni, amayi ake, azakhali ake, anthu a kutchalitchi kwawo ku New Orleans komwe anabadwira mu 1969, ndipo kuwanyoza iwo n'kunyoza mamiliyoni omwe amagula matikiti. Mu 2011 anafika pomuuza Lee poyera kuti apite kugehena.

Mkanganowu uli ndi mbali ya maphunziro ndi chuma yomwe sitchulidwa kawirikawiri. Lee anaphunzira za mafilimu pa yunivesite ya New York. Perry sanapite kusukulu ya mafilimu. Sewero lake loyamba analionetsa ku Atlanta mu 1992 ndi ndalama zake $12,000, kunabwera anthu pafupifupi 30, ndipo panapita zaka zisanu ndi chimodzi, nthawi zina akugona m'galimoto, lisanayambe kudzaza holo mu 1998. Omwe anamukweza ndi amayi akuda opita kutchalitchi, a ntchito wamba, m'mizinda ya kum'mwera. Why Did I Get Married? nayo inayamba ngati sewero la papulatifomu. Choncho pamene ophunzira akuti "zimenezi si ife", amayi aja amamva kuti akuuzidwa kuti iwo ndi ochititsa manyazi. Funso loti ndani akuimira anthu akuda limasanduka loti akuda ake ati.

Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zikulimbana ndi vuto lomwe silinayambe ndi Perry: kuchepa. Baumbach akalemba mkazi wodzikonda, palibe amene amati wanyoza akazi onse achizungu, chifukwa chaka chomwecho patuluka mafilimu ena ambirimbiri oonetsa akazi achizungu a mitundumitundu. Perry zimamuchitikira ngati mwana yekhayo wapamudzi amene anasankhidwa kupita kusekondale: akalephera mayeso, walepheretsa mudzi wonse. Angela mmodzi pakati pa amayi akuda makumi asanu a pa kanema ndi munthu chabe. Angela mmodzi pakati pa atatu amasanduka chigamulo.

Koma Perry sangathawire kumbuyo kwa kuchepako kotheratu, chifukwa iye tsopano ndi mwini chipata. Mu 2019 anatsegula malo ake ojambulirako mafilimu ku Atlanta, maekala 330 pomwe kale panali kampu ya asilikali ya Fort McPherson. Wapereka ntchito kwa osewera ndi amisiri akuda ochuluka kuposa makampani ambiri a ku Hollywood. (Nyumba zojambuliramo anazitcha mayina a akuluakulu akuda a zamafilimu, ndipo imodzi ili ndi dzina la Spike Lee.) Chokhacho, cholembera sapatsa munthu. Mu 2008 anakangana ndi bungwe la olemba mafilimu atachotsa ntchito olemba anayi a pulogalamu yake ya pa TV yotchedwa House of Payne, ndipo mu 2020 ananena monyadira kuti alibe gulu la olemba, zonse amalemba yekha. Mutu umodzi susenza denga. Amayi anayi a ku Colorado aja, zowawa zawo, kulapa kwawo, zonse zinatuluka m'mutu wa mwamuna mmodzi. Nkhope zonse ndi zakuda, koma diso loweruza ndi limodzi. Dianne akanalembedwa ndi mayi amene anayamwitsapo mwana usiku mawa lake ali ndi mlandu kukhothi, sindikhulupirira kuti akanatuluka chomwecho.

Makampani ndi mabungwe ayesa kuthetsa nkhaniyi ndi malamulo. Mu 2015 ndi 2016, osewera onse 20 omwe anasankhidwa kupikisana pa Oscar anali azungu zaka ziwiri zotsatizana, ndipo mawu a April Reign akuti #OscarsSoWhite, kutanthauza kuti Oscar yadzaza azungu, anafala pa intaneti. Mu 2020 bungwe lopereka mphotozi linalengeza kuti kuyambira mwambo wa 2024, filimu yofuna mphoto yaikulu iyenera kukwaniritsa mfundo ziwiri mwa zinayi: za anthu ooneka pa kanema kapena nkhani yake, za otsogolera ntchito kuseri kwa kamera, za mwayi wophunzitsa ntchito anthu atsopano, ndi za ogwira ntchito yotsatsa filimu. Ena anafuula kuti luso laphedwa. Zoona zake n'zakuti filimu ya banja la azungu okhaokha ikhoza kudutsa mosavuta kudzera pa mfundo ziwiri zomalizazo, ngati kampani yake ili ndi ophunzira ntchito ndi otsatsa osiyanasiyana. Ndipo filimu ya Perry ingadutse mfundo yoyamba osatuluka thukuta, mafunso onse a Sheila ndi Dianne ali chikhalire. Lamulo limawerenga anthu, silingawerenge mmene munthu walembedwera.

Ifenso tinalawako pang'ono mu 2019, The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor itatuluka pa Netflix. Inajambulidwa ku Malawi, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, osewera ake akuda. Kwa woonera wa ku London zonse zinali m'malo mwake. Koma mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya, Ejiofor ndi wa ku Britain, ndipo Amalawi ambiri ananyadira filimuyo kwinaku akuseka Chichewa chomwe chinkatuluka m'kamwa mwa ena mwa osewerawo. Amene ali kutali amaona kuti mwaimiridwa. Mwini wake ndi amene amamva pomwe lilime lapotoka.

Chimodzi chomwe woonera wa kuno amachiona msanga mu Why Did I Get Married? n'chakuti mabanja anayi akugwedezeka popanda nkhoswe ngakhale mmodzi. Palibe malume, palibe apongozi oitanidwa kudzakhala pansi. Ntchito imeneyo akuigwira abwenzi, buku la Patricia, ndi langizo lake loti aliyense alembe papepala zabwino ndi zoipa za mnzake. Amuna nawo ali ndi chiphunzitso chawo cha 80 ndi 20: m'banja umapeza 80 mwa 100 ya zomwe umafuna, ndiye wina akabwera ndi 20 yotsalayo umasiya zambiri kuthamangira zochepa. Mfundo imeneyi inatuluka m'filimu n'kulowa m'maulaliki ndi m'zokambirana za mabanja, ndipo ambiri omwe amaitchula lero sadziwa kuti anaimvera kwa amuna ocheza kumapiri a Colorado.

Gawo lachiwiri, Why Did I Get Married Too?, linatuluka mu 2010, mabanja omwewo ali ku Bahamas. Michael Jackson anamwalira mu Juni 2009 mlongo wake Janet ali mkati mojambula filimuyi, ndipo iye anabwerera kudzamaliza. Ulendo uno banja lomwe likutha ndi la Patricia, mlangizi wa mabanja uja: akulimbirana ndalama za buku ndi Gavin, akuphwanya katundu wa m'nyumba ndi ndodo ya gofu, akukamuchititsa manyazi mwamuna wake kuntchito, Gavin akutuluka mokwiya n'kufa pa ngozi ya galimoto. Patapita chaka, Patricia akudziwitsidwa kwa mwamuna wina womwetulira, yemwe ndi Dwayne Johnson. Olemba ndemanga m'nyuzipepala anaing'amba, odzudzula aja anati mwaona, mayi wophunzira walangidwanso kenaka wapatsidwa mwamuna. Filimuyo inapeza ndalama zoposa yoyamba ija, pafupifupi $60 miliyoni.